Ngozi ya galimoto imene inapha Diana ku Paris mu 1997

Ngozi ya mumsewu wapansi wa Alma inachitika mumzinda wa Paris, likulu la dziko la France, pakati pa usiku wa Loweruka wolowera Lamlungu pa 31 Ogasiti 1997. Galimoto ya mtundu wa Mercedes-Benz S280 inawomba chipilala cha konkire nthawi ili 12:23 usiku, ndipo anthu atatu mwa anayi amene anali m'galimotoyo anamwalira. Omwalirawo anali Diana, amene anali mkazi wa Kalonga Charles wa ku Britain yemwe panopa ndi Mfumu Charles III, chibwenzi chake Dodi Fayed, ndi dalaivala Henri Paul. Anapulumuka ndi Trevor Rees-Jones yekha, amene ankagwira ntchito yoteteza Dodi.

Ngoziyi inafufuzidwa katatu: ndi oweruza a ku France, ndi apolisi a ku London, kenako ndi khoti la ku London. Onse anapeza kuti dalaivala anali atamwa mowa ndipo ankathamangitsa galimoto kuwirikiza kawiri liwiro lovomerezeka pamsewuwo. Chifukwa cha kutchuka kwa Diana, ndi ngozi zochepa kwambiri za kuledzera ndi liwiro zimene zinaunikidwapo mwatsatanetsatane ngati iyi.

Anthu amene anali m'galimotoyo

Diana anabadwa pa 1 Julayi 1961 ndipo anamwalira ali ndi zaka 36. Anakwatiwa ndi Charles mu 1981, ukwati wawo unatha mu Ogasiti 1996, ndipo anasiya ana awiri, William wa zaka 15 ndi Harry wa zaka 12. Dodi Fayed, wa zaka 42, ankagwira ntchito yokonza mafilimu. Bambo ake, Mohamed Al-Fayed, anali mpondamatiki wochokera ku Egypt, mwini wa sitolo ya Harrods ku London komanso hotela ya Ritz ku Paris.

Henri Paul, wa zaka 41, anali wachiwiri kwa mkulu wa zachitetezo pahotela ya Ritz, ndipo nthawi imeneyo ndiye ankagwirizira udindo wa mkuluyo. Ntchito yake sinali yoyendetsa alendo. Anachitapo maphunziro apadera a kayendetsedwe ka magalimoto a Mercedes ku Germany komanso anali ndi laisensi yoyendetsera ndege zing'onozing'ono, koma analibe chilolezo chimene madalaivala a magalimoto a hayala onyamula alendo ku Paris amafunika kukhala nacho.

Usiku wa pa 30 Ogasiti

Diana ndi Dodi anafika ku Paris masana a Loweruka pa ndege yochokera pachilumba cha Sardinia, kumene anali patchuthi. Kungoyambira pabwalo la ndege la Le Bourget, ojambula zithunzi zogulitsa ku manyuzipepala, amene amadziwika kuti paparazzi, anawatsatira pa njinga zamoto ndi magalimoto. Madzulo awiriwo anafuna kukadya kulesitilanti ina mumzindawo koma anasintha maganizo chifukwa cha ojambulawo, ndipo anapita ku Ritz nthawi itatsala pang'ono kukwana 10 koloko.

Paul anali ataweruka cha m'ma 7 koloko madzulo. Atamva kuti mwana wa bwana wabwerera kuhotela, nayenso anabwerera itangodutsa 10 koloko. M'bala ya hotelayo anamwa matambula awiri a Ricard, mowa waukali wa ku France umene umasanduka wachikasu akauthira madzi. Anyamata awiri oteteza Dodi anakhala naye patebulo limodzi, ndipo mmodzi wa iwo anauza ofufuza kuti ankaganiza kuti Paul akumwa juwisi wa chinanazi.

Kutsogolo kwa hotela, pabwalo la Place Vendôme, kunadzaza ojambula ndi anthu ongofuna kuona Diana. Choncho anakonza zowapusitsa. Magalimoto awiri amene awiriwo anayendera masana, pamodzi ndi madalaivala ake enieni, anaima kutsogolo ngati akuwadikira, pamene iwo anatulukira kukhomo la kuseri, mumsewu wa Rue Cambon, n'kukwera galimoto ina ya hayala. Malinga ndi umboni wa omuteteza, maganizowa anali a Dodi, ndipo iwo sanasangalale nawo chifukwa panalibe galimoto yachiwiri yowaperekeza. Chotsatira chake chinali chakuti dalaivala wophunzira ntchito, amene sanamwe, anatsala kutsogolo kwa hotela, ndipo chiwongolero chinagwiridwa ndi munthu amene anali ataweruka maola asanu apitawo. Chinyengocho sichinagwirenso ntchito, poti ojambula ena anali atadikirira kale kuseriko.

Ulendo wa mphindi zochepa

Galimoto inanyamuka cha m'ma 12:20 kulowera kunyumba ya Dodi mumsewu wa Rue Arsène Houssaye, pafupi ndi chipilala cha Arc de Triomphe. M'malo modzera msewu wa Champs-Élysées, umene uli ndi maloboti ambiri ndipo umadzaza Loweruka usiku, Paul anadutsa pabwalo la Place de la Concorde n'kutsata msewu wa m'mbali mwa mtsinje wa Seine. Apa m'pamene anaponda moto pofuna kuwasiya ojambulawo.

Pafupi ndi mlatho wa Alma msewuwu umatsetsereka ndi kukhota pang'ono, kenako umalowa pansi pa mphambano. Pakati pake pali mzere wa zipilala za konkire zimene zimachirikiza denga ndi kulekanitsa magalimoto opita ndi obwera. Pakhomo pa msewu wapansiwo Mercedes inakhudzana ndi galimoto yaing'ono yoyera ya mtundu wa Fiat Uno imene inkayenda pang'onopang'ono kudzanja lamanja. Paul analephera kuwongola. Galimoto inawomba chamutu chipilala cha nambala 13, inazungulira, n'kukagunda khoma la mbali inayo ndi kuima itayang'ana kumene inachokera. Mtunda wonse kuchokera kuhotela sunakwane makilomita atatu.

Paul ndi Dodi anafera pomwepo. Rees-Jones, amene anakhala kutsogolo, anaphwanyika kwambiri kumaso ndipo sanathe kukumbukira zambiri za ngoziyo. Diana anali wamoyo. Dokotala wina amene ankangodutsa anaima n'kumuthandiza mpaka ozimitsa moto ndi ambulansi atafika. Anamutulutsa m'galimoto cha m'ma 1 koloko, mtima unaima, anautsitsimutsa, ndipo ambulansi inafika naye kuchipatala cha Pitié-Salpêtrière nthawi ili 2:06. Anthu ambiri kunja kwa France anadabwa ndi kuchedwaku, koma dongosolo la kumeneko ndi lakuti dokotala amapita ndi ambulansi n'kuyamba kuthandiza wovulala pamalo a ngozi asanamunyamule. Madokotala anapeza kuti mtsempha waukulu wochokera kuphapo la kumanzere kupita kumtima unang'ambika ndipo magazi ankatayikira mkati. Anamwalira 4 koloko m'bandakucha.

Mowa m'magazi a dalaivala

Magazi a Paul atapimidwa anapezeka ndi mowa wokwana pafupifupi magalamu 1.75 pa lita imodzi. Malire a lamulo ku France ndi magalamu 0.5 pa lita, ndipo ku England ndi 0.8. Choncho Paul anapyola malire a dziko lake kuposa katatu. Munapezekanso mankhwala awiri a kuchipatala: fluoxetine, wodziwika ndi dzina lakuti Prozac, amene amaperekedwa kwa odwala matenda ovutika maganizo, ndi tiapride, amene nthawi zambiri amaperekedwa kwa anthu amene ali ndi vuto la mowa. Onse awiri amabwera ndi chenjezo lokhudza kuyendetsa galimoto ndi kumwa mowa. Matambula awiri a Ricard sakanafikitsa mowa pamlingo umenewo, ndiye ofufuza anaona kuti anamwanso wina m'maola atatu amene anali kunja kwa hotela.

Mfundo imene inavutitsa anthu kwa zaka zambiri ndi yakuti Paul sankaoneka woledzera. Makamera a m'hotela anamujambula akuyenda bwinobwino, akucheza, ngakhalenso akuwerama kumanga zingwe za nsapato popanda kudzandira. Makolo ake anakana kuti mwana wawo anali chidakwa, ndipo masiku ochepa ngoziyo isanachitike iye anali atapambana pa kupimidwa kwa dokotala kwa oyendetsa ndege. Kwa ambiri, zimenezi zinali umboni wakuti magazi opimidwawo sanali ake.

Koma akatswiri a zamankhwala sadabwa ndi zoterezi. Munthu wozolowera mowa amaphunzira kubisa zizindikiro zooneka ndi maso monga kudzandira ndi kulankhula mokoka lilime. Zimene sangathe kubisa zili mkati mwa ubongo. Mowa umachedwetsa nthawi ya pakati pa kuona chinthu ndi kuponda buleki, umachepetsa zimene maso amaona m'mbali, umasokoneza kuyerekeza mtunda ndi liwiro, ndipo umavutitsa munthu kusamala zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choipa kwambiri n'chakuti umachotsa mantha, moti amene luso lake latsika ndi amenenso amadzimva kuti akutha. Kumanga zingwe za nsapato ndi ntchito imene manja amaichita okha. Kulowa pamalo otsetsereka ndi okhota usiku, njinga zamoto zili m'mbuyo, kutsogolo kuli galimoto yoyenda pang'onopang'ono, ndi nkhani ina.

Mowa suchedwa kulowa m'magazi kudzera m'mimba ndi m'matumbo, koma umachedwa kutuluka. Chiwindi chimachotsa pafupifupi magalamu 0.1 mpaka 0.15 pa lita ola lililonse, ndipo khofi kapena madzi ozizira sizifulumizitsa ntchitoyi. Munthu amene ali pa 1.75 angafunike maola oposa 8 kuti atsike kufika pa 0.5. Kafukufuku wotchuka wa mumzinda wa Grand Rapids ku America, amene anatsogoleredwa ndi Robert Borkenstein ndipo anatuluka mu 1964, anasonyeza kuti chiopsezo cha ngozi sichikwera pang'onopang'ono mofanana ndi mowa, koma chimalumpha kwambiri mlingo ukamakula. Pa magalamu 1.5 chimakhala chitawirikiza kuposa kakhumi poyerekeza ndi munthu wosamwa. Malamulo a malire a mowa m'mayiko ambiri anatsamira pa kafukufuku ameneyu.

Zoona, panali zolakwika pa kalembedwe ndi kasungidwe ka timabotolo ta magazi ku Paris, ndipo khoti la ku London linazimva. Komabe kupima kwa DNA kunatsimikizira kuti magaziwo anali a Paul, ndipo madzi a m'diso lake, amene anapimidwa padera, anapereka zotsatira zofanana.

Liwiro, chipilala ndi malamba

M'masiku oyambirira manyuzipepala analemba kuti muvi wa liwiro unapezeka utaima pafupi ndi makilomita 200 pa ola. Zimenezi sizinali zoona. Akatswiri ataunika kuphwanyika kwa galimoto ndi kuyeserera ngoziyo ndi magalimoto ena, anapeza kuti inawomba chipilala ikuthamanga pafupifupi makilomita 100 mpaka 105 pa ola. Malire pamsewuwo anali 50.

Liwiro la 100 silimveka lalikulu kwa munthu wozolowera misewu ya kunja kwa tauni, koma masamu ake ndi ouma. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, pamene ya 100 imayenda mamita 28. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi, chimodzimodzinso mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto. Kuwomba khoma pa 50 kuli ngati kugwa kuchokera pamtunda wa mamita 10, pamene pa 100 kuli ngati kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 40. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro la magalimoto pamsewu likakwera ndi 1 peresenti, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 peresenti.

Chimene galimoto yawomba chilinso ndi mbali yake. Mercedes ija inali yolimba, yolemera pafupifupi matani awiri, koma chipilala ndi chopapatiza ndipo sichisuntha. Mphamvu yonse inathera pamalo amodzi, chipilalacho n'kulowa mkati mwa kutsogolo kwa galimoto. Pamzere wa zipilalazo panalibe zitsulo zotchinga zimene zikanaikankhira galimoto kumbali kuti ingokhulika.

Apolisi a ku London anapeza kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamanga lamba, ngakhale poyamba kunamveka kuti Rees-Jones anamanga. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, thupi la munthu wosamanga lamba limapitirira pa liwiro lomwe lija mpaka litagunda mpando, chiwongolero kapena galasi, ndipo ziwalo za mkati zimakokeka. Kung'ambika kwa mtsempha kumene kunapha Diana kunali kwa mtundu umenewu. WHO imati lamba amachepetsa chiopsezo cha imfa kwa okwera galimoto mpaka ndi theka.

Ojambula zithunzi ndi zigamulo

M'masiku a maliro mkwiyo wa anthu unagwera ojambula zithunzi, makamaka zitadziwika kuti ena anafika pamalopo n'kuyamba kujambula ovulala. Ojambula 9 ndi woyendetsa njinga yamoto mmodzi anafufuzidwa pa milandu ya kupha mosafuna ndi kusathandiza anthu amene ali pangozi. Mu Sepitembala 1999 oweruza Hervé Stéphan ndi Marie-Christine Devidal anathetsa milanduyo, ponena kuti ngoziyo inachitika chifukwa dalaivala anali ataledzera, atamwa mankhwala osagwirizana ndi mowa, ndipo ankathamanga kwambiri. Khoti lalikulu la France linavomereza zimenezi mu 2002. Mu 2006 ojambula atatu anapezeka olakwa pa mlandu wina, wolowerera moyo wa munthu wachinsinsi, ndipo analipitsidwa yuro imodzi yokha ngati chizindikiro.

Ku Britain, apolisi a ku London anayamba kafukufuku wawo mu 2004 pansi pa dzina lakuti Operation Paget, motsogoleredwa ndi John Stevens. Lipoti lake la masamba oposa 800 linatuluka pa 14 Disembala 2006. Kenako, kuyambira pa 2 Okutobala 2007, woweruza Scott Baker anatsogolera khoti lofufuza chimene chinachititsa imfazo. Gulu la nzika wamba 11 zosankhidwa kuti zipereke chigamulo linamva mboni zoposa 250 ndipo linapita ku Paris kukaona msewuwo. Pa 7 Epulo 2008, anthu 9 mwa 11 anagamula kuti Diana ndi Dodi anaphedwa mosemphana ndi lamulo chifukwa cha kuyendetsa mosasamala kopitirira muyezo kwa Paul komanso kwa amene ankawatsatira. Anawonjezera kuti mowa unasokoneza maganizo a dalaivala, ndiponso kuti kusamanga malamba ndi kuwomba chipilala zinathandizira imfazo. Apa m'pamene khoti la ku London linasiyana ndi oweruza a ku France: linaika mbali ya mlandu pa othamangitsawo.

Nkhani zoti chinali chiwembu

Mohamed Al-Fayed anakhala zaka khumi akunena kuti mwana wake ndi Diana anaphedwa ndi akazitape a boma la Britain a MI6 molamulidwa ndi Kalonga Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II. Ankati Diana anali woyembekezera ndipo anali pafupi kulengeza za ukwati ndi Msilamu, zimene banja lachifumu silikanalola. Operation Paget inaunika mfundozi imodzi ndi imodzi. Inapeza kuti Diana sanali woyembekezera ndipo panalibe umboni wa chiwembu. Scott Baker nayenso anauza khoti kuti panalibe umboni uliwonse wokhudza Philip kapena MI6. Chigamulo chitaperekedwa, Al-Fayed ananena kuti sapitiriza nkhondoyo. Iye anamwalira mu Ogasiti 2023.

Chimene chinapatsa mphamvu mphekeserazi ndi Fiat Uno ija. Utoto woyera unapezeka pa Mercedes ndipo zidutswa za nyali yake yakumbuyo zinatoledwa mumsewu, koma woyendetsa wake sanaime ndipo sanadziwike motsimikizika. Ofufuza anati kukhudzanako kunali kochepa. Chiwembu chikanakhalanso chovuta kuchikonza, poti galimoto, dalaivala ndi njira zonse zinasankhidwa mochedwa usiku womwewo. N'kutheka kuti ambiri zinawavuta kuvomereza kuti mayi wotchuka chotero anafa ndi zinthu zimene zimapha anthu wamba Loweruka lililonse usiku.

Zimene zinatsatira

Mwambo wa maliro unachitikira ku Westminster Abbey pa 6 Sepitembala 1997, ndipo Diana anaikidwa pakachilumba ka m'nyanja yaing'ono ku Althorp, kwawo kwa makolo ake. Kuyambira mu Januwale 1998 malamulo a ntchito ya atolankhani ku Britain anakhwimitsidwa kuti aletse zithunzi zopezeka pothamangitsa munthu. Chifanizo cha lawi la moto chotchedwa Flamme de la Liberté, chimene chinalipo kale pamwamba pa msewu wapansiwo, chinasanduka malo oikapo maluwa, ndipo mu 2019 bwalo limenelo linapatsidwa dzina lakuti Place Diana. Harry analemba m'buku lake la Spare, la mu 2023, kuti ali ku Paris mu 2007 anapempha dalaivala kuti amudutsitse mumsewuwo pa liwiro lomwe lija, ndipo anadabwa kuona kuti ndi waufupi komanso wooneka wamba.

Pa nkhani ya chitetezo cha pamsewu, ngoziyi sinasinthe zinthu mwamsanga. M'chaka cha 1997 anthu pafupifupi 8,000 anafa pamisewu ya ku France. Kusintha kwakukulu kunadza Pulezidenti Jacques Chirac atalengeza mu Julayi 2002 kuti kuchepetsa ngozi ndi imodzi mwa ntchito zikuluzikulu za boma lake. Makamera ojambula okha magalimoto othamanga anayamba kuikidwa kumapeto kwa 2003, ndipo pofika 2010 omwalira pachaka anatsika kufika pansi pa 4,000. Kuyambira pa 30 Ogasiti 2021, malire a liwiro m'misewu yambiri ya mkati mwa Paris ndi makilomita 30 pa ola, kupatula misewu ingapo ikuluikulu monga Champs-Élysées imene inatsala pa 50.